Kunyanyala Mafilimu Onyoza Chikhristu: Mbiri Yake ndi Mmene Nkhaniyi Imafikira ku Katoto

Kunyanyala filimu ndi pamene anthu agwirizana kuti asapite kukaionera, asaigule, ndiponso auze anzawo kuti achite chimodzimodzi. Akhristu agwiritsa ntchito njirayi kwa zaka zoposa 90 polimbana ndi mafilimu amene akuwaona kuti akupotoza moyo wa Yesu kapena kuchitira mwano zinthu zopatulika. Kunyanyala n'kosiyana ndi kuletsa. Wonyanyala amaimana filimuyo ndalama zake ndi maso ake, koma mnzake wofuna kuionera amakhalabe ndi mwayi wake. Kuletsa ndi ntchito ya boma, ndipo lamulo likagwa limakhudza wofuna ndi wosafuna yemwe. M'mikangano yambiri ya mafilimu ziwirizi zimalowererana, anthu n'kumapempha chiletso pomwe akuti akunyanyala.

Njirayi inakhwimira ku America. M'chaka cha 1934 maepiskopi a Chikatolika kumeneko anaika mphamvu zawo pa bungwe la Legion of Decency, ndipo akhristu miyandamiyanda analonjeza m'matchalitchi kuti sadzaonera mafilimu amene bungweli lawakana. Ku Philadelphia, Kadinala Dennis Dougherty anauza Akatolika kuti asalowe m'nyumba ya kanema ina iliyonse. Opanga mafilimu ku Hollywood anaona ndalama zikuthawa, ndipo chaka chomwecho anakhazikitsa ofesi yoyang'ana filimu iliyonse isanatuluke, motsogozedwa ndi Mkatolika wina, Joseph Breen. Papa Pius XI anayamikira ntchitoyi m'kalata yake ya 1936 yotchedwa Vigilanti Cura. Apa kunyanyala kunagwira ntchito chifukwa filimu inali ndi khomo limodzi lokha, la nyumba ya kanema, ndipo pakhomopo pankafunika tikiti.

Malire ake anaoneka mu 1951. Filimu ya ku Italy ya Roberto Rossellini, The Miracle, inkasimba za mayi wosauka wosokonezeka maganizo amene anakhulupirira kuti mlendo womupatsa pakati anali Yosefe Woyera. Kadinala Francis Spellman wa ku New York anaiitanira kunyanyala, boma la chigawocho n'kulanda chilolezo choionetsera. Nkhani inafika kukhothi lalikulu la dzikolo, lomwe mu 1952 linagamula kuti boma silingaletse filimu pongonena kuti ndi yamwano. Mpingo unatsala ndi ufulu wouza anthu ake kuti asapiteko, koma unataya dzanja la boma.

Mafilimu amene akhala akukwiyitsa akhristu sali a mtundu umodzi, ndipo kuwaika m'dengu limodzi kumalakwitsa chiweruzo. Ena ndi anthabwala. Life of Brian ya 1979, ya gulu la Monty Python la ku Britain, inkaseka munthu amene anthu anamuyesa Mesiya molakwika, ndipo inaletsedwa ku Ireland ndi ku Norway. Ogulitsa filimuyi ku Sweden anasandutsa chiletso cha ku Norway kukhala mawu oitanira anthu.

Ena amafuna kulowa m'maganizo a Yesu ndi nkhani yongopeka. Wotchuka pa amenewa ndi The Last Temptation of Christ wa 1988, wopangidwa ndi Martin Scorsese kuchokera m'buku la mlembi wa ku Greece, Nikos Kazantzakis. Chakumapeto kwake Yesu ali pamtanda, Satana akumuonetsa moyo wina: kutsika, kukwatira Mariya wa ku Magadala, kubereka ana ndi kukalamba ngati munthu wamba. Iye akukana n'kufera pamtandapo. Scorsese, amene anakulira m'Chikatolika ndipo ali mnyamata ankafuna unsembe, anaika mawu koyambirira onena kuti filimuyo sikuchokera m'Mauthenga Abwino. Kwa akhristu ambiri zimenezi sizinakwane. Kuona Ambuye wawo ali pogona ndi mkazi, ngakhale m'masomphenya, kunali bala lenileni, ndipo palibe chifukwa chochepetsera ululu umenewo. Kampani ya Paramount inali itasiya kale ntchitoyi mu 1983 chifukwa cha makalata odandaula. Universal itaitenga, anthu zikwizikwi anachita zionetsero kulikulu lake mu Ogasiti 1988, ndipo Bill Bright wa bungwe la Campus Crusade for Christ anapempha kugula filimuyo kuti aiwononge. Eni nyumba za kanema ambiri anakana kuionetsa. Mayiko angapo anailetsa, kuphatikizapo South Africa ndi Chile, ngakhale kuti mu 2001 khothi loona za ufulu wa anthu m'mayiko a ku America linagamula kuti Chile inalakwa.

Mkwiyowo unafika poipa ku Paris usiku wa pa 22 Okutobala 1988, pamene anthu ena anayatsa moto nyumba ya kanema ya Saint-Michel imene inkaonetsa filimuyo, anthu oposa 10 n'kuvulala. Kadinala Jean-Marie Lustiger, amene anali atadzudzula filimuyo, anadzudzulanso motowo. Zofanana nazo zinachitika ku Brazil pa 24 Disembala 2019, pamene ofesi ya gulu la anthabwala la Porta dos Fundos inaponyeredwa mabomba a petulo chifukwa cha sewero la pa Netflix loonetsa Yesu ngati mwamuna wokondana ndi mwamuna mnzake. Woweruza wina ku Rio de Janeiro analamula kuti seweroli lichotsedwe, koma khothi lalikulu linasintha chigamulocho mawa lake.

Mtundu wovuta kwambiri ndi wa filimu yopeka imene yavala malaya a mbiri yakale. The Da Vinci Code, buku la Dan Brown la 2003 lomwe linasanduka filimu mu Meyi 2006, limanena kuti Yesu anakwatira Mariya wa ku Magadala, kuti mbumba yake ilipobe, ndiponso kuti mpingo wakhala ukubisa zimenezi ndi kupha anthu. Limanenanso kuti Yesu ankatengedwa ngati munthu chabe mpaka pamene Mfumu Constantine anaitanitsa msonkhano wa ku Nikeya mu 325, pomwe akuti umulungu wake unapambana pa mavoti ochepa. Mbiri yolembedwa ikutsutsa zimenezi. Makalata a Paulo, olembedwa cha m'ma 50, amamutchula kale Yesu kuti Ambuye, ndiye kuti zaka zoposa 250 Constantine asanaitanitse msonkhanowo. Ku Nikeya mkangano unali pa chiphunzitso cha Arius chokhudza ubale wa Mwana ndi Atate, ndipo mwa maepiskopi mazana amene anasonkhana, awiri okha ndi amene anakana kusaina. Gulu lachinsinsi la Priory of Sion, limene bukuli limati n'lakalekale, linalembetsedwa ku France mu 1956 ndi Pierre Plantard. Opus Dei, yomwe inayambitsidwa ndi Josemaría Escrivá mu 1928, ilibe amonke, pomwe wakupha wa m'filimuyi ndi mmonke wa gululi. Bodza loterolo limalowa mosavuta kuposa nthabwala chifukwa limabwera ndi zaka ndi mayina, woonera n'kumayesa waphunzira chinthu.

Arkiepiskopi Angelo Amato wa ku Vatican anapempha Akatolika kuti anyanyale filimu ya The Da Vinci Code, ndipo Kadinala Francis Arinze wa ku Nigeria anati akhristu angathe kupita nayo kukhothi. Inaletsedwa ku Samoa, Pakistan, Egypt ndi mumzinda wa Manila. Komabe inapeza ndalama zoposa madola 750 miliyoni. Phokoso linaitsatsa malonda, monga mmene zimakhalira kuti chinthu chobisidwa ndi chimene mwana amafuna kuvundukula. Opus Dei inasankha njira ina: sinaitanitse kunyanyala, inapempha kuti filimuyo ilembedwe kuti ndi yopeka, ndipo inatsegulira atolankhani makomo ake kuti adzaone okha. Pa zonsezi zikuoneka kuti kunyanyala kumapweteka filimu yaing'ono imene ikusowa poionetsera, pomwe yaikulu kumangoinenepetsa. Mphamvu ya akhristu inaoneka bwino mbali inayo mu 2004, pamene mipingo inagula matikiti ambirimbiri a The Passion of the Christ ya Mel Gibson, filimu n'kupeza madola oposa 600 miliyoni.

Kuno kwathu nkhaniyi yadzera kwambiri m'njira ya chiletso kusiyana ndi ya kunyanyala. Lamulo la 1968 loyang'anira mabuku, mafilimu ndi zisudzo linakhazikitsa bungwe la Censorship Board, lomwe mu ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda linkadula zithunzi m'mafilimu ndi kuletsa mabuku ambiri. Chifukwa chimene chinkaperekedwa chinali kuteteza makhalidwe, ndipo akhristu ambiri sanaone cholakwika. Koma mpeni womwewo unatembenukira kwa alakatuli, atolankhani, kenako kwa mpingo. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi ya Living Our Faith inawerengedwa m'matchalitchi onse a Chikatolika, boma n'kuilengeza kuti ndi youkira, moti kupezeka nayo unali mlandu. Nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka inatenthedwa. Mwezi wotsatira Monsinyolo John Roche, wansembe wa ku Ireland amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko muno. Akhristu a ku Mzuzu amene anaona masiku amenewo akudziwa kuwawa kwake kwa chiletso, chifukwa amene anatsekedwa pakamwa anali mbusa wawo.

Malamulo aakulu a dziko a 1994 amateteza ufulu wa chipembedzo m'gawo 33 ndi ufulu wolankhula m'gawo 35, ndipo ufulu uwiriwu umayenera kukhalira limodzi. M'malamulo a milandu mudakali ndime yolanga munthu wolemba kapena kulankhula mawu n'cholinga chonyoza chipembedzo cha mnzake. Mayeso aakulu anadza mu Ogasiti 2003, pamene Nyumba ya Malamulo inaletsa Television Malawi kuonetsa Big Brother Africa ponena kuti ikuwononga makhalidwe. Khothi lalikulu linachotsa chiletsocho patangopita masiku ochepa. M'masiku amenewo okhala ndi DStv anapitiriza kuonera, ndipo amene anamanidwa anali odalira Television Malawi okha.

Ku Katoto kuli bwalo pomwe zionetsero za mumzinda wa Mzuzu zimakonda kuyambira, koma ofuna kuguba chifukwa cha filimu angavutike kupeza khomo loti akaimepo. Anthu ambiri a ku Katoto, Chibavi, Zolozolo ndi Mchengautuwa saonera filimu m'nyumba ya kanema yodula tikiti. Filimu imafika pa DStv kapena GOtv, m'timashedi toonetsera vidiyo, kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mafulashi, ndipo makamaka pafoni. Filimu yokoperedwa m'fulashi sipereka ngakhale tambala kwa amene anaipanga, choncho kuinyanyala sikumupweteka m'thumba. Nthawi zambiri sifika yathunthu n'komwe. Imadza ngati kachidutswa ka mphindi imodzi pa WhatsApp, Facebook kapena TikTok, kopanda mutu, kopanda chaka, kopandanso mawu aja onena kuti nkhaniyo ndi yopeka. Mkhristu wotumiza kachidutswako kugulu la kumpingo pofuna kuchenjeza anzake amakhala kuti wakafikitsa kwa anthu amene sakanakaona.

Pali chinanso chimene chimakulitsa nkhaniyi kuno. Amalawi ambiri filimu yoyamba kuiona inali ya Yesu ya 1979, yochokera mu Uthenga Wabwino wa Luka, imene bungwe la Bill Bright yemwe uja linaifalitsa padziko lonse ndipo inamasuliridwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Inkaonetsedwa pansalu yoyera pabwalo, usiku, jenereta ikulira, anthu n'kumalira nawo pa nthawi ya mtanda. Kuchokera pamenepo ambiri anazolowera kuti munthu wa ndevu wovala mkanjo woyera pa kanema akulankhula za m'Baibulo. Mwana amene wakula ndi chizolowezi chimenechi akakumana ndi Yesu wa Scorsese kapena nkhani ya Dan Brown alibe chomuuza kuti wasintha nyumba. Vuto limakula filimu ikakhala yomasuliridwa ndi anyamata amene amaikamo mawu awoawo kuti anthu aseke.

Choncho kunyanyala kwa ku Katoto kumachitikira m'nyumba, pa zimene banja lasankha kuonera madzulo ndi zimene munthu wasankha kusatumiza. Kumeneko n'kovomerezeka ndipo sikulanda ufulu wa wina aliyense. Chimene sikungachite ndicho kuyankha funso la wophunzira wa pa Katoto Secondary School amene waona kale kachidutswako ndipo akufuna kudziwa ngati n'zoona kuti mpingo unabisa mabuku ena. Funso lotero limafuna munthu wodziwa mmene mabuku 27 a Chipangano Chatsopano anasonkhanitsidwira, chifukwa chake mabuku ngati Uthenga wa Filipo, olembedwa mochedwa, sanalandiridwe, ndi zimene zinakambidwa ku Nikeya. Odziwa zimenezi alipo mumzindawu ndi m'madera oyandikira: ku dipatimenti ya zaumulungu ya pa Mzuzu University, ku sukulu ya ubusa ya University of Livingstonia ku Ekwendeni, ndi pakati pa ansembe ndi abusa. Njira zofikira anthu ziliponso, monga Radio Tigabane ya dayosizi ya Mzuzu, Voice of Livingstonia ya Sinodi ya Livingstonia, miphakati, magulu a achinyamata ndi misonkhano ya amayi a Umanyano. Lamulo la 1968 linalembedwa poganizira filimu yodzera pa kasitomu m'chitini, nthawi imene dziko lino linalibe ngakhale wailesi ya kanema, yomwe inadzayamba mu 1999. Filimu za lero zimalowa ndi bandulo ya intaneti, ndipo woyamba kuziona m'nyumba zambiri amakhala mwana amene wabwereka foni ya mayi ake.