Asilikali ndi yunivesite akagwirana manja tauni imakula

Tauni simera yokha ngati bowa. Pamakhala chinthu chimene chimayamba chakhazikika pamalo, kenaka anthu nkumabwera, ena kudzagwira ntchito, ena kudzagulitsa malonda, mpaka malo amene kunali tchire nkusanduka msika.

Anthu a ku Embangweni, m'dera la Inkosi Mzukuzuku m'boma la Mzimba, sangatsutse zimenezi chifukwa ndi mmene kwawoko kudayambira.

M'chaka cha 1902, mbusa wa ku Scotland Donald Fraser, yemwe Angoni adamupatsa dzina loti Chisekeseke, adasamutsa mishoni kuchoka ku Hora nkudzaikhazika pamalo amene adawatcha Loudon. Mkazi wake Agnes, yemwe anali dotolo, adayamba kuthandiza odwala.

Lero pamalopa pali chipatala cha mishoni, sekondale ya Robert Laws, sukulu ya ana ovutika kumva ndi koleji yosula aphunzitsi, zonsezi pansi pa sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP. Anamwino, aphunzitsi ndi ophunzira a m'malo amenewa ndiwo amagula tomato, nyemba ndi nyama pamsika, ndiwonso amachita lendi nyumba ndi kukwera makabaza.

Koma ntchito za pamishoni nzowerengeka. Nchifukwa chake mnyamata wa ku Embangweni, Edingeni kapena Jenda akangolemba mayeso a Fomu 4, maganizo amathamangira ku Joni, monga momwe ankachitira agogo ake masiku a Wenela.

Funso limene makolo ambiri ali nalo ndi loti: kodi nchiyani chingabweretse ntchito zaluso zokwanira kuti ana aleke kuthawa kwawo? Mizinda ina ya m'mphepete mwa nyanja kunjaku idapeza yankho pamalo amene ambiri sangawaganizire. Idalumikiza ndalama za asilikali ndi nzeru za yunivesite.

Phunziro la ku Plymouth

Plymouth ndi mzinda wa m'mphepete mwa nyanja yamchere kummwera chakumadzulo kwa England. Uli ndi anthu oposa 260,000, kusonyeza kuti susiyana kwenikweni ndi Mzuzu, umene pa kalembera wa 2018 udapezeka ndi anthu oposa 220,000.

Mumzindawu muli doko la Devonport, limene lakhala likusunga ndi kukonza sitima zankhondo za dziko la Britain kuyambira zaka za m'ma 1690. Kuyambira 2007, kampani ya Babcock ndiyo imayendetsa malo okonzerako sitimazi, kuphatikizapo zija zimayenda pansi pa madzi.

Sitima yotere ikalowa pokonzera simatenga sabata ngati minibasi pagalaja. Imatha zaka, ndipo imafuna mainjiniya, owotcherera zitsulo, odziwa zamagetsi ndi akatswiri a makompyuta. Anthu amenewa sagwa kumwamba ayi. Payenera kukhala sukulu yowasula.

Apa ndipo pamalowera yunivesite ya Plymouth, imene mizu yake ndi sukulu yophunzitsa oyendetsa sitima yomwe idatsegulidwa mu 1862, ndipo idakhala yunivesite payokha mu 1992. Yunivesiteyi pamodzi ndi koleji ya ntchito zamanja ya mumzindawu imasula achinyamata amene dokolo likufuna. Ena amaphunzira ali pantchito kale, masiku ena m'kalasi, masiku ena pachitsulo, uku akulandira malipiro.

Yunivesiteyi ilinso ndi dziwe lalikulu la m'nyumba lopangira mafunde, momwe amayeseramo zipangizo zisanaponyedwe m'nyanja. Nzeru zotuluka m'menemo zimathandiza asilikali komanso makampani wamba a zapanyanja.

M'chaka cha 2025, boma la Britain lidalengeza kuti lapatula mapaundi 250 miliyoni oti athandizire madera asanu kukula kudzera m'ntchito zachitetezo, ndipo Plymouth ndi limodzi mwa maderawo.

Chinsinsi chake nchosavuta kumva. Boma likalonjeza ntchito ya zaka zambiri, kampani imalimba mtima nkulemba anthu. Yunivesite nayo imalimba mtima nkutsegula maphunziro atsopano podziwa kuti omaliza akapeza ntchito. Wolandira malipiro amamanga nyumba, amagula chakudya, amalipira sukulu ya ana. Ndalama imene idatuluka ngati ya chitetezo imathera m'thumba la wogulitsa ndiwo.

Pafupi ndi kumene kuli ana athu

Chitsanzo china chili ku South Africa komwe kuli ana ambiri a ku Mzimba. Kumpoto kwa Cape Town kuli tauni ya m'mphepete mwa nyanja yotchedwa Saldanha. Kumeneku kuli sukulu ya akuluakulu a asilikali a dzikolo, imene idasamukirako chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950.

Kuyambira 1961, sukuluyi ndi nthambi ya yunivesite ya Stellenbosch. Msilikali amavala yunifolomu, amaguba m'mawa, koma digiri imene amalandira ndi ya yunivesite yodziwika, ndipo amatha kuigwiritsa ntchito ngakhale atapuma usilikali.

Tauni ya Saldanha imadaliranso usodzi ndi doko lotumizira kunja miyala ya chitsulo. Fakitale yaikulu yosungunula zitsulo ya kampani ya ArcelorMittal idatsekedwa kumeneku mu 2020, anthu mazanamazana nkuchotsedwa ntchito. Sukulu ya asilikali ija idakalipo. Kampani imatha kunyamuka malonda akavuta, koma sukulu ndi kampu ya asilikali sizisamuka chisawawa.

Nanga kuno kwathu?

Dziko la Malawi lilibe nyanja yamchere, koma lili ndi nyanja yake, ndipo m'mphepete mwake muli asilikali. Ku Chilumba m'boma la Karonga kuli kampu ya asilikali. Ku Monkey Bay m'boma la Mangochi ndiko kuli asilikali apamadzi, malo okonzera sitima komanso sukulu ya boma yophunzitsa ntchito zapasitima. Ku Salima, panjira yopita ku Senga Bay, kuli koleji ya asilikali ya MAFCO, imene kale inkatchedwa Kamuzu Military College.

Mgwirizano wooneka ndi maso wa asilikali ndi yunivesite uli ku Mzuzu, mzinda umene uli m'boma la Mzimba ndipo suli patali ndi doko la Nkhata Bay.

Mumzindawu muli Moyale Barracks, dzina lochokera ku malo a m'malire a Kenya ndi Ethiopia komwe asilikali a kuno adamenyako nkhondo ndi a ku Italy mu 1940. Mulinso yunivesite ya Mzuzu, imene idakhazikitsidwa ndi lamulo la 1997 nkulandira ophunzira oyamba mu 1999 ku Luwinga.

M'zaka za m'ma 2000, yunivesiteyi mogwirizana ndi gulu la asilikali la Malawi Defence Force idayambitsa maphunziro a zachitetezo. Asilikali, apolisi, oona zolowa ndi kutuluka m'dziko komanso anthu wamba akhala akuphunzira limodzi za utsogoleri, malamulo ndi kusungitsa mtendere.

Ili ndi phazi labwino loyambira. Msilikali amene wakhala m'kalasi limodzi ndi munthu wamba amamvetsa kuti mfuti ili pansi pa lamulo. Koma tikayerekeza ndi Plymouth, kusiyana kukuoneka. Chimene chimadzaza matumba a anthu kumene kuja ndi ntchito za injini, zitsulo ndi magetsi, zimene zimalemba anthu zikwizikwi omwe sadagwirepo mfuti.

Nyanja ikufuna amisiri

Kusowa kwa ntchito zotere panyanja yathu nkwakale. Sitima ya Ilala, imene anthu a ku Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe akhala akuidalira, idapangidwa mu 1949 ku Scotstoun mumzinda wa Glasgow ndi kampani ya Yarrow, yodziwika ndi kupanga sitima zankhondo. Idabwera zidutswazidutswa, nkudzalumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo idayamba kuyenda mu 1951.

Ku Scotstoun komweko mpaka lero akugwirabe ntchito ya sitima zankhondo za Britain. Ife kuno, patatha zaka zoposa 70, tikukambabe za Ilala yomweyo.

Nyanjayi simasewera. Mu Julayi 1946, sitima ya Vipya idamira chakufupi ndi Chilumba kutawomba mphepo yamkuntho, ndipo anthu pafupifupi 145 adafa. Mwera ukayamba, asodzi a mabwato ang'onoang'ono amakhala pachiopsezo chaka ndi chaka.

Namondwe wa Freddy atagwa m'Malichi 2023, nkupha anthu oposa 600 ndi kusowetsa ena mazana m'chigawo cha kummwera, asilikali ndiwo adathamanga ndi maboti kukapulumutsa anthu amene adazingidwa ndi madzi. Boti lililonse lotere limafuna makanika wodziwa injini yake.

Anthu a ku Mzimba sadzaiwalanso tsiku la 10 Juni 2024, pomwe ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 idagwa m'nkhalango ya Chikangawa nkupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu. Akatswiri amene adadzafufuza za ndegeyo adachokera ku Germany.

Zonsezi zikuloza ku chinthu chimodzi. Asilikali ali ndi maboti, ndege, magalimoto ndi zipangizo zolankhulirana zimene zimafuna anthu ophunzira. Mayunivesite ali ndi ana anzeru ofuna poyesera zimene akuwerenga m'mabuku. Yunivesite ya Mzuzu ili kale ndi nthambi ya maphunziro a nsomba ndi zam'madzi, pomwe asilikali apamadzi amayendera nyanja yomweyo imene chambo chikusowamo. Mutu umodzi susenza denga.

Gawo la Embangweni

Wina angafunse kuti nkhani ya madoko ikumukhudza bwanji mlimi wa ku Embangweni, komwe kulibe ngakhale bwato.

Poyamba, ana ake ndiwo angakhale amisiri aja. Mwana wa pa Robert Laws amene wakhoza bwino masamu ndi sayansi akhoza kukonza injini ya boti ku Chilumba m'malo mosamalira maluwa a bwana ku Johannesburg, komwe alendo akhala akuchitiridwa nkhanza monga zidachitikira mu 2008 ndi 2015.

Chachiwiri, msilikali amadya, amavala ndipo amaponda nsapato zachikopa. Boma la Mzimba, limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 900,000, ndi kwawo kwa ng'ombe, chimanga ndi nyemba.

Mpake kuti anthu adasangalala mu 2015 pomwe mtsogoleri wa dziko lino Peter Mutharika adaika mwala wa maziko a yunivesite ya Mombera pafupi ndi boma la Mzimba, yomwe cholinga chake chachikulu ndi maphunziro a ziweto. Boma la Lazarus Chakwera lidadzaitcha dzina la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa. Koma pofika 2025, patatha zaka khumi, sukuluyi inali isanalandire wophunzira ndi mmodzi yemwe.

Sukulu yotere itatsegulidwa, nkumaphunzitsa alimi kuweta ng'ombe zonenepa ndi kufufuta zikopa, ndipo makampu a asilikali a kumpoto atamagula nyama, nyemba ndi nsapato kwa magulu a alimi a konkuno pamgwirizano wa zaka zingapo, ndalama ya chitetezo ingafike ku Embangweni popanda sitima kukocheza.

Walira mvula walira matope

Komabe nkhaniyi ili ndi mbali yake yowawa, ndipo anthu a ku Plymouth amaidziwa bwino. Chifukwa cha doko lija, ndege za Germany zidaphulitsa mzindawu koopsa mu 1941, ndipo pankhondo yonseyo anthu wamba oposa 1,000 adafa.

Mkangano wa maiko a azungu ndi Soviet Union utatha chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ntchito zambiri zapadoko zidatha, mabanja nkuvutika. Ngakhale lero, madera ena oyandikana ndi dokolo ali m'gulu la osaukitsitsa mumzindawu. Tauni yodalira bwana mmodzi imadwala bwanayo akangotsokomola.

Palinso ophunzira ndi aphunzitsi m'mayunivesite a ku Britain amene amakana kuti sukulu zawo zizilandira ndalama za makampani opanga zida. Malo ngati Embangweni, amene adamangidwa ndi mpingo, angakhale ndi mafunso ofanana ndi amenewa.

Vuto lina ndi chinsinsi. Nkhani za asilikali nthawi zambiri sizikambidwa poyera, ndipo pamene pali mdima mpamene ndalama za boma zimasowera. Yunivesite imakula ndi kufunsa mafunso, choncho mgwirizano uliwonse uyenera kukhala woti aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi anthu wamba athe kuona kuti kwalowa zingati, zagula chiyani, ndipo aphunzira ndi ana angati.

Dziko la Malawi silingapikisane ndi Britain pa ndalama zankhondo, ndipo palibe chifukwa chotero. Chimene lingatengereko ndi kachitidwe kake: ndalama zochepa zomwezo zimene zimapita kwa asilikali chaka chilichonse zizisiya luso m'manja mwa ana a m'dziko muno, m'malo mothera kugula katundu ndi kuitana amisiri kunja.

Kwa makolo, ntchito ikuyambira pakhomo. Mwana, wamkazi kapena wamwamuna, asathawe masamu ndi sayansi. Amene sadapeze malo ku yunivesite asanyoze makoleji a ntchito zamanja monga a Mzuzu ndi Livingstonia, chifukwa ngakhale ku Plymouth wowotcherera zitsulo amafunidwa ngati mwini digiri. Ndipo aphungu a ku Mzimba akabwera kudzachititsa msonkhano, afunsidwe tsiku limene zipata za yunivesite ija zidzatseguke.