Nthambo za Magetsi ndi Khansa ya M'magazi mwa Ana

Magetsi akamayenda m'nthambo amatulutsa mphamvu ya maginito, imene imadutsa m'makoma a nyumba koma imachepa msanga munthu akamatalikira nthambozo. Nkhawa yoti mphamvuyi ingayambitse khansa ya m'magazi, matenda oyambira m'mafuta a m'mafupa amene amachulukitsa maselo oyera osakhwima, inabuka mu 1979 pamene Nancy Wertheimer ndi Ed Leeper anapeza kuti ana ambiri amene anamwalira ndi khansa ku Denver ankakhala pafupi ndi nthambo zonyamula magetsi ambiri.

Mu 2000 gulu la Anders Ahlbom linasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa m'maiko 9, ndipo linaona kuti m'nyumba zimene mphamvuyi imafika pa 0.4 microtesla, muyeso wa maginito, chiopsezo cha khansayi mwa ana chinali chowirikiza kawiri, ngakhale kuti nyumba zotere n'zochepa kwambiri. Pachifukwa ichi bungwe lofufuza za khansa la IARC linaika mphamvuyi m'gulu la 2B, la zinthu zongoganiziridwa kuti mwina zingayambitse khansa.

Komabe umboniwu ngofooka, chifukwa mphamvuyi ndi yochepa moti singadule DNA, ndipo zoyesa pa nyama sizinasonyeze kuti imayambitsa matendawa; n'kuthekanso kuti kasankhidwe ka mabanja ofunsidwa kanapotoza zotsatira. Chodabwitsa kwambiri chinachokera ku Britain, kumene kafukufuku wa Gerald Draper wa mu 2005 anapeza chiopsezo chokwera ngakhale pa mtunda wa mamita 600, kumene maginito a nthambo sasiyana ndi a m'nyumba wamba, ndipo kafukufuku wotsatira wa mu 2014 anasonyeza kuti chiopsezocho chinkatsika kuyambira m'ma 1960 mpaka chinazimiririka, pamene nthambozo zinali zikadalipo.