Lamulo la Akapolo Othawa Limene Linang'amba Amereka Pakati

Mu caka ca 1860 boma la Amereka linawerenga anthu ake, ndipo linapeza kuti pa anthu 31 miliyoni, pafupifupi 4 miliyoni anali akapolo. Iwowa anali anthu akuda, ana ndi adzukulu a aja amene anagwidwa mu Afirika ndi kuolotsedwa nyanja ya mcere m'maunyolo. Caka cotsatira dzikolo linagawika pawiri, ndipo anthu a Kumpoto ndi a Kumwera anayamba kuphana. Nkhondoyi sinadze modzidzimutsa. Anthu anali atakangana zaka 40, ndipo funso limene linakoleza moto koposa onse linali ili: kodi kapolo akathawa ndi kuoloka mtsinje wa Ohio, kulowa kumene kulibe ukapolo, asanduka mfulu, kapena ali ngati ng'ombe yosokera imene aliyense woipeza ayenera kuibweza kwa mwini khola?

Amereka ndi dziko la zigawo zambiri. Cigawo ciliconse cili ndi boma lake ndi malamulo ake, koma zonse zili pansi pa boma lalikulu la ku Washington. Pofika mu 1804 zigawo zonse za Kumpoto zinali zitapanga malamulo othetsa ukapolo, zina nthawi yomweyo, zina pang'onopang'ono. Anthu ambiri anali kuganiza kuti Kumwera nakonso ukapolo udzafa wokha. Cimene cinaupatsa moyo watsopano ndi thonje.

Mlimi aliyense amene anayesapo kucotsa njere m'thonje ndi zala adziwa m'mene nchitoyi imacedwera. Munthu anali kukhala tsiku lathunthu, koma thonje loyera limene anali kulipeza silinali kupitirira paundi imodzi. Mu 1793 Eli Whitney anapanga makina ocotsera njere, amene anali kuyeretsa mapaundi 50 pa tsiku. Thonje linasanduka cuma, minda inakula, ndipo manja olima ndi othyola anafunika ambiri. Akapolo amene mu 1790 anali pafupifupi 700,000 anaculuka kasanu ndi kupitirira. Kuitanitsa akapolo atsopano kucokera ku Afirika kunaletsedwa mu 1808, koma malonda a anthu sanaleke. Anangosamukira m'kati mwa dziko. Eni akapolo a ku Virginia ndi Maryland anayamba kugulitsa anthu ao ku minda ya thonje ya ku Alabama, Mississippi ndi Louisiana, mwamuna kwina, mkazi kwina, mwana kwina. Mnyamata wamphamvu anali kugulidwa madola oposa 1,000.

Sikuti a Kumpoto anali ndi manja oyera. Thonje la akapolo ndilo linali kuyendetsa makina oombera nsalu a ku Massachusetts, ndipo mabanki a ku New York ndiwo anali kukongoza ndalama kwa eni minda. Nsalu ina yoombedwa ku Massachusetts inali kutengedwa m'zombo kunka ku Zanzibar, kumene inachedwa merikani, ndipo kucokera uko amalonda anali kuisenzetsa amtengatenga kulowa nayo kumtunda, kufikira ku Nyanja ya Malawi ndi kupitirira, kukagula minyanga ya njovu ndi anthu. Motero thukuta la kapolo wa ku Mississippi linali kugula kapolo wina m'kati mwa Afirika.

Mkangano wa zigawo unali kubuka nthawi iliyonse pamene dziko linakula kunka kumadzulo. Cigawo catsopano cikalowa, kodi cidzakhala ca akapolo kapena ca mfulu? Funsoli linali lalikulu cifukwa cigawo ciliconse cimatumiza aphungu awiri ku nyumba ya malamulo yochedwa Senate, ndipo mbali imene ikanaposa inzake kumeneko ikanalamulira. Mu 1820 akuluakulu anagwirizana kuti Missouri alowe ndi akapolo ndipo Maine alowe wopanda akapolo, nalemba malire kuti kumpoto kwa malirewo ukapolo usafike. Anaganiza kuti amaliza, koma mlandu suola.

OLIMBANA NDI UKAPOLO

Pa 1 January, 1831, William Lloyd Garrison wa ku Boston anayamba kusindikiza nyuzipepala yochedwa The Liberator. Iye sanafune zonyengerera. Anaphunzitsa kuti kukhala ndi kapolo ndi chimo, ndipo chimo salileka pang'onopang'ono. Mu August caka comweco kapolo wina mlaliki, Nat Turner, anatsogolera anzake kuukira ambuye ao ku Virginia, ndipo azungu oposa 50 anaphedwa. A Kumwera anacita mantha nalimbitsa malamulo, ndipo m'zigawo zingapo kuphunzitsa kapolo kuwerenga kunakhala mlandu.

Anthu ofuna kuthetsa ukapolo anali ocepa, ndipo ngakhale kwao Kumpoto anali kudedwa monga osokoneza mtendere ndi oononga malonda. Mu 1835 gulu la anthu linamanga Garrison ndi cingwe ndi kumkoka m'miseu ya Boston. Mu 1837 mkonzi wina wa nyuzipepala, Elijah Lovejoy, anaomberedwa ndi mfuti ku Alton, m'cigawo ca Illinois, alikuteteza makina ake osindikizira.

Amene anatsegula makutu a anthu koposa anali akapolo othawa eni ake. Frederick Douglass, amene anadziphunzitsa kuwerenga mobisa mbuye wake atamletsa, anathawa ku Baltimore mu 1838, ndipo pamene anayamba kulankhula pa misonkhano ena sanakhulupirire kuti munthu wodziwa kuyala mau cotero anakhalapo kapolo. Pofuna kuwatsimikizira, mu 1845 analemba buku la moyo wake, nachula maina a ambuye ake ndi malo amene anakhala. Mai Harriet Tubman anathawa ku Maryland mu 1849, koma anabwererako maulendo pafupifupi 13 kukatenga abale ndi anzao okwanira ngati 70. Othawa anali kuyenda usiku, ndipo usana anali kubisidwa m'nyumba ndi m'nkhokwe za anthu acifundo, akuda ndi oyera omwe. Njira yobisikayi inachedwa Njanji ya Pansi pa Nthaka, ngakhale panalibe njanji kapena sitima.

Othawa sanali ambiri. Mwa mamiliyoni aja, amene anali kupulumuka anali ngati 1,000 pa caka. Koma kwa eni akapolo nkhani sinali ciwerengero. Munthu aliyense wothawa anali kutsutsa bodza lao lakuti akapolo ali okondwa.

LAMULO LA 1850

Amereka atalanda maiko ambiri kwa Mexico pa nkhondo ya 1846 mpaka 1848, mkangano wa zigawo unabukanso. Mu 1850 anapangananso: California analowa wopanda akapolo, ndipo a Kumwera anapatsidwa mphatso yao, ndiyo lamulo latsopano la akapolo othawa.

Lamuloli liyenera kuonedwa bwino, pakuti ngakhale pabwalo la mfumu ya mudzi silikanaloledwa. Mwini kapolo anali kungolumbira kuti munthu uyu ndi wake. Woimbidwa mlanduyo sanali kuloledwa kupereka umboni wodziteteza. Woweruza wa boma akapereka munthuyo kwa womfunayo anali kulandira madola 10, koma akammasula anali kulandira madola 5 cabe. Boma linati kusiyanaku kunali cifukwa ca kuculuka kwa zolemba, koma anthu anaona kuti ndi ciphuphu colembedwa m'lamulo. Wobisa kapolo kapena womthandiza kuthawa akanalipitsidwa madola 1,000 ndi kuikidwa m'ndende miyezi 6. Ndiponso apolisi a boma lalikulu anali ndi mphamvu yoitana munthu aliyense wodutsa kuti awathandize kugwira wothawayo.

Mpaka pamenepo mlimi wa ku Ohio kapena mmisiri wa ku Boston akanatha kunena kuti za ukapolo ndi za eni ake a Kumwera. Tsopano lamulo linafika pakhomo pake ndi kumuuza kuti nayenso akhale mlenje wosaka anthu. Anthu akuda zikwi zambiri, ena a iwo mfulu cibadwire, anasiya nyumba ndi nchito zao nathawira ku Canada, dziko limene linali pansi pa Britain, kumene ukapolo unali utatha kale. Mu 1852 Mai Harriet Beecher Stowe, okwiya ndi lamuloli, anatulutsa buku la nthano lochedwa Uncle Tom's Cabin, ndipo mabuku 300,000 anagulidwa m'caka cimodzi.

MLANDU WA ANTHONY BURNS

Cimene cinaonetsa nkhanza ya lamuloli ndi maso cinacitika ku Boston mu 1854. Anthony Burns anali mnyamata wa zaka 20, kapolo wa Charles Suttle wa ku Virginia. Kuciyambi kwa cakaco anabisala m'combo pa doko la Richmond, nafika ku Boston, napeza nchito m'sitolo ya zovala. Colakwa cake cinali cimodzi: anakumbukira kwao. Analembera kalata mbale wake amene anali akali mu ukapolo, ndipo kalatayo inagwera m'manja mwa Suttle.

Pa 24 May, Burns alikubwerera ku nchito, anagwidwa monamiziridwa kuti waba, ndipo pamene anafika naye ku khoti m'pamene anaona mbuye wake. Mbiri inawanda mumzinda. Usiku wa pa 26 May gulu la anthu akuda ndi oyera, pakati pao mbusa wacizungu Thomas Wentworth Higginson, linagumula citseko ca khoti ndi mtengo waukulu kuti limlanditse. Linalephera, ndipo mlonda mmodzi, James Batchelder, anaphedwa. Pulezidenti Franklin Pierce analamula kuti asilikali atumizidwe ndi kuti lamulo litsatidwe, ndalama zingaonongeke zingati. Mbusa wa chalichi ca anthu akuda, Leonard Grimes, anayenda khomo ndi khomo nasonkhanitsa madola 1,200 kuti amuombole, ndipo Suttle anali atavomera, koma loya wa boma anatsekereza. Boma linafuna kuti anthu aone kuti lamulo lili ndi mano.

Woweruza Edward Loring anagamula kuti Burns ndi katundu wa Suttle. Pa 2 June anamtulutsa kunka naye ku doko. Anthu okwana ngati 50,000 anaima m'mbali mwa mseu alikufuula ndi kunyoza. Masitolo anapacikidwa nsalu zakuda monga pamaliro, ndipo pamwamba pa mseu wina analendewetsa bokosi la maliro lolembedwa dzina la ufulu. Pakati pa asilikali ndi apolisi mazanamazana, okhala ndi mipeni kunsonga kwa mfuti zao ndi mzinga pambuyo, panali kuyenda mnyamata mmodzi wopanda cida, wa dzanja lopunduka ndi ngozi ya makina ocekera matabwa. Kubweza munthu mmodziyu kunadya madola pafupifupi 40,000.

Ku Richmond anamsunga m'ndende ya ogulitsa akapolo miyezi inai, womangidwa maunyolo, kenaka anamgulitsa. Mu 1855 Grimes ndi akhristu anzake anamuombola ndi madola 1,300. Anaphunzira pa sukulu ya Oberlin ku Ohio, nakhala mbusa ku St. Catharines mu Canada, kumene anamwalira ndi cifuwa cacikulu mu 1862, ali ndi zaka 28. Kucokera tsiku lija la pa doko, palibe kapolo wina amene anabwezedwanso kucokera ku Boston. Amalonda olemera amene kale anali kuti lamulo ndi lamulo anatembenuka mtima, ndipo mu 1855 cigawo ca Massachusetts cinapanga lamulo lake loletsa ndende zake kusungira anthu ogwidwa cotero. Zigawo zina zinacita cimodzimodzi.

Zotsatira zinadza mofulumira. M'masiku omwewo a mlandu wa Burns, lamulo la Kansas ndi Nebraska linafafaniza malire aja a 1820, ndipo okwiya nalo anayambitsa cipani ca Republican. Ku Kansas ofuna ukapolo ndi okana anayamba kuomberana. Mu 1856 phungu wa ku South Carolina, Preston Brooks, anamenya Charles Sumner wa ku Massachusetts ndi ndodo m'kati mwa Senate mpaka anakomoka, ndipo a Kumwera anamtumizira Brooks ndodo zatsopano monga mphatso. Mu 1857, pa mlandu wa kapolo Dred Scott, Khoti Lalikulu linagamula kuti munthu wakuda sangakhale nzika ya Amereka, ndi kuti nyumba ya malamulo ilibe mphamvu yoletsa ukapolo m'maiko atsopano a kumadzulo. Mu October 1859 mzungu wacikulire John Brown, pamodzi ndi anthu 21, analanda nyumba ya zida ya boma ku Harpers Ferry, kuyembekeza kuti akapolo adzauka. Anagwidwa napacikidwa pa 2 December. Ku Virginia anamucha cigawenga, koma m'mizinda yambiri ya Kumpoto mabelu a machalichi analira.

Abraham Lincoln wa cipani ca Republican anapambana masankho a November 1860. Iye sanalonjeze kumasula akapolo a Kumwera. Analonjeza cabe kuti ukapolo sudzafalikira kwina, ndipo ngakhale lamulo la akapolo othawa anati adzalisunga. Koma a Kumwera sanafune kumva. Pa 20 December South Carolina anacoka m'cigwirizano, ndipo m'cikalata cofotokoza zifukwa zake anachula maina a zigawo za Kumpoto zimene zinali kukana kubweza akapolo othawa. Ena masiku ano amati Kumwera kunali kumenyera ufulu wa zigawo wodzilamulira, koma cikalataco cidandaula ndi ufulu womwewo pamene a Kumpoto anaugwiritsa nchito.

Zigawo 11 zinacoka. Mizinga yoyamba inalira pa linga la Fort Sumter pa 12 April, 1861, ndipo nkhondo inatha zaka zinai, nipha anthu oposa 600,000. Akapolo sanadikire kuuzidwa. Kulikonse kumene asilikali a Kumpoto anafika, iwo anali kusiya makasu ndi kuthawira ku misasa yao, ndipo amuna akuda pafupifupi 180,000 anavala yunifomu. Lamulo la akapolo othawa linafafanizidwa mu June 1864, ndipo ukapolo unathetsedwa m'dziko lonse mu December 1865.