Chingwe chikaduka, uthenga wa pa foni umapeza bwanji njira ina?

Msodzi wa ku Nkholongue, m'boma la Lago, akagulitsa usipa kwa wamalonda wa ku Lichinga, angathe kulandira ndalama zake pa foni kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola. Uthenga wotsimikiza ndalamazo suuluka mumlengalenga ulendo wonse. Umadutsa m'makina otchedwa marauta, omwe amaupatsirana mpaka ufike pa nsanja yapafupi ndi mudzi. Chingwe cholumikiza marauta awiri chikaduka, mwina chifukwa cha madzi osefukira kapena khasu la wokumba ngalande, makinawo amayenera kupeza okha njira ina.

Njira yakale yotchedwa RIP inkayendera mphekesera. Rauta iliyonse inkangouza zoyandikana nazo kuti kwakutikwakuti n'kotalika bwanji, ndipo izo zinkangokhulupirira. Mbiri yoti njira yafa inkachedwa kufalikira, moti uthenga unkatha kuzungulirazungulira.

Makampani ambiri a mafoni masiku ano amagwiritsa ntchito OSPF kapena IS-IS mkati mwa netiweki zawo. Pa njira zimenezi, rauta imanena zokhazo zimene ikuziona yokha, koma imauza onse.

Pa OSPF, rauta imapereka moni kwa zoyandikana nazo, kawirikawiri pa masekondi 10 aliwonse. Inzake ikakhala chete masekondi 40, imaiyesa yakufa. Chingwe chikazima mooneka, siidikiranso nthawi yonseyo. Pomwepo imalemba chidziwitso chofotokoza marauta amene ikadali yolumikizana nawo ndi mtengo wa njira iliyonse. Mtengowu si wa ndalama ayi, ndi nambala chabe: chingwe chonyamula zambiri chimapatsidwa nambala yaing'ono, chofooka nambala yaikulu.

Rauta yolandira chidziwitsocho imachisunga n'kuchitumiza osachisintha kwa zinzake zonse, kupatula imene yachibweretsa. Zili ngati uthenga wa maliro umene mudzi uliwonse umaupititsa kutsogolo. Chidziwitso chilichonse chili ndi nambala yake yomwe imakwera chikalembedwa chatsopano, ndiye chakale chikafika mochedwa chimangotayidwa. Ngakhale zinthu zitakhala bwinobwino, rauta imabwereza chidziwitso chake pa mphindi 30 zilizonse.

Zikatero, marauta onse a m'dera limodzi amakhala ndi mapu ofanana ndendende. Palibe wamkulu wolamula kuti uthenga udzere uku. Rauta iliyonse imadziwerengera njira yotsika mtengo yopitira kulikonse, pogwiritsa ntchito masamu amene Edsger Dijkstra wa ku Netherlands anafalitsa mu 1959. Popeza mapu ndi amodzi, mayankho awo amagwirizana.

Komabe masamuwa sapanga njira pomwe palibe. Mizinda ikuluikulu imakhala ndi zingwe zolowera mbali zingapo, choncho chimodzi chikaduka anthu mwina sazindikira n'komwe. Nsanja yakumathero kwa mzere, yodalira njira imodzi yokha, ikadulidwa imangokhala chete. Chimodzimodzi magetsi akathima mabatire n'kutha: marauta ena onse amadziwa msanga kuti nsanjayo yasowa, koma alibe poudutsitsa uthenga mpaka amisiri atafika.

N'chifukwa chake wogulitsa nsomba kapena chinangwa asamapereke katundu pongoona uthenga pa foni ya wogula. Ayambe waona kuti ndalama zalowa mu akaunti yake.