Kuphunzitsa Kumvetsa Nkhani m'Chingerezi Pogwiritsa Ntchito Malangizo a pa Mankhwala ndi Zinthu za Pakhomo

M'midzi yambiri ya m'chigwa cha kunsi kwa mapiri a Dedza, kuyambira ku Golomoti kudzera pa Mua mpaka ku Mtakataka, munthu amene amapatsidwa pepala la Chingerezi kuti aliŵerenge pakhomo kaŵirikaŵiri amakhala mwana wa sukulu. Mayi akachokera kuchipatala ndi mankhwala, bambo akagula mankhwala opopera thonje, kapena agogo akalandira botolo lolembedwa timawu ting'onoting'ono, amene amaitanidwa ndi uja wa Sitandade 6 kapena 7, pakuti ndiye amene banja lonse limamudalira pa Chizungu. Mwanayo amaŵerengadi, mwinanso mokweza ndi mosadodoma. Koma inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi muyenera kudzifunsa ngati mwana ameneyu, atamaliza kuŵerenga, angathe kuuza makolo ake chimene ayenera kuchita.

Kutchula mawu ndi kumvetsa zimene mawuwo akunena ndi maluso aŵiri osiyana, ndipo mafunso amene timakonda kufunsa m'kalasi amabisa kusiyana kumeneku. Tiyeni titenge chiganizo chofanana ndi chimene chimalembedwa pa paketi ya mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi, aja ambiri timawadziŵa ndi dzina lakuti Thanzi: "Dissolve the contents of one sachet in one litre of clean water." Mphunzitsi akafunsa kuti, "What should you dissolve?" mwana wochenjera amangofunafuna pamene pali mawu akuti "dissolve", nakopera zimene zikutsatira: "the contents of one sachet." Yankho nlokhoza, ndipo mphunzitsi amachonga. Komatu mwanayo angathe kuyankha chotero asakudziŵa tanthauzo la "dissolve", la "contents", ngakhale la "sachet". Luso limene waonetsa ndi lofananitsa mawu a m'funso ndi mawu a m'nkhani. Ana athu amaliphunzira msanga luso limeneli chifukwa limaŵapulumutsa pa mayeso, ndipo sindiŵaimba mlandu; ndife amene timaŵafunsa mafunso olola zimenezi.

Tsopano m'malo mwa funso lija, ikani pa tebulo mabotolo atatu osiyana kukula, chidebe cha madzi, ndi kapepala kokulungamo mchenga pang'ono koimira paketi. Uzani mwanayo kuti aŵerenge chiganizocho chamumtima, kenaka achite zimene chanena. Apa palibe pobisala. Ngati wasankha botolo la mamililita 300 m'malo mwa lita imodzi, kapena wathira theka la paketi, kalasi lonse liona, ndipo inu mudziŵa mawu enieni amene amupunthwitsa. Ubwino waukulu wa malangizo a pa mankhwala ndi pa zinthu za pakhomo ndi umenewu: ndi nkhani zolembedwa kuti munthu azichite, kotero kuti kumvetsa kwake kumaoneka ndi maso.

Nkhani zotere zili ndi phindu linanso kwa ana a kuno. Dera lino nlotentha, lili pafupi ndi nyanja ndi madambo, ndipo palibe mwana wa zaka khumi amene sadziŵa malungo, likodzo ndi kutsegula m'mimba. Amadziŵa neti, amadziŵa mzere wa pa chipatala cha Mua, amadziŵa anankafumbwe m'thumba la chimanga. Mwana akamaŵerenga za chinthu chimene amachidziŵa kale, nzeru zake zonse zimapita pa chinenero, pamene nkhani ya dziko lachilendo imamupatsa akatundu aŵiri nthaŵi imodzi, chinenero ndi zinthu zimene sanazionepo. Sindikunena kuti nthano ndi nkhani za m'mabuku a boma tizitaye, ayi. Zili ndi ntchito yake. Ndikunena za phunziro limodzi pa sabata, kapena mphindi khumi za kumapeto kwa phunziro, m'makalasi a Sitandade 5 mpaka 8.

Tanthauzo limabisala m'timawu tating'ono

Aphunzitsi atsopano akapatsidwa malangizo a pa mankhwala amathamangira mawu aakulu monga "dehydration" kapena "prescription", nathera nthaŵi yonse pofotokoza amenewo. Kunena zoona, mawu aakulu sakhala oopsa kwenikweni, pakuti mwana amadziŵa kuti sakuŵadziŵa ndipo amafunsa. Oopsa ndi timawu timene diso limangodumpha: "before" ndi "after", "once" ndi "twice", "every", "until", "only", "not". Mwana amene walumpha "not" m'chiganizo chakuti "Do not give to children under two years" wamva zosemphana kotheratu ndi zimene zalembedwa, koma mumtima mwake ali wokhutira kuti wamva.

Mankhwala a malungo ndi chitsanzo chabwino. M'chaka cha 1993 dziko la Malaŵi linasiya chloroquine monga mankhwala oyamba a malungo nkuyamba kugwiritsa ntchito SP, amene anthu ankaŵatchula kuti Fansidar, ndipo ameneŵa ankamwedwa kamodzi kokha basi. M'chaka cha 2007 m'malo mwake munaloŵa LA, amene amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu: koyamba, kachiŵiri patatha maola 8, kenaka kaŵiri pa tsiku kwa masiku aŵiri otsatira. Chiŵerengero cha mapiritsi pa nthaŵi iliyonse chimatsata kulemera kwa wodwala, kuyambira piritsi limodzi kwa mwana wamng'ono mpaka anayi kwa munthu wamkulu. Onani kuchuluka kwa Chingerezi chimene chabisala mu ndondomeko yomweyi: "after 8 hours", "twice a day", "for the next two days", "complete the course". Lembani malangizo otere pa bolodi, perekani nyemba zoimira mapiritsi ku gulu lililonse, ndipo nenani kuti wodwala wamwa koyamba 10 koloko m'maŵa Lolemba. Magulu ajambule masiku atatuwo m'makope ndi kuika nyemba pa nthaŵi yoyenera. Mudzaona mkangano ukubuka pa nthaŵi ya kumwa kachiŵiri, ena akunena 6 koloko madzulo, ena akunena 8 koloko chifukwa aona nambala 8 m'chiganizo. Musaudule msanga mkangano umenewu. Atumizeni kuti abwerere ku chiganizocho, aloze ndi chala mawu amene akutsimikizira yankho lawo. Kubwerera ku zolembedwa kukafuna umboni ndi chizoloŵezi chachikulu chimene phunziro la kumvetsa nkhani liyenera kusiya mwa mwana.

Pali mawu enanso ofanana maonekedwe amene ndi bwino kuŵaika pamodzi. "Teaspoon" ndi mamililita 5, pamene "tablespoon" ndi mamililita 15, kuchuluka katatu. Koma kwa ife zonsezi ndi supuni. Bwerani nazo zonse ziŵiri m'kalasi. Chimodzimodzinso zilembo za "MFD" ndi "EXP" pa katoni: choyamba chimanena nthaŵi imene chinthu chinapangidwa, chachiŵiri nthaŵi imene mphamvu yake ikutha. Lembani pa bolodi "EXP 03/2027" ndi kufunsa mwezi ndi chaka, kenaka perekani timakatoni tosiyanasiyana kuti ana atisanje, toyenera kugwiritsa ntchito uku, totha ntchito uko. Ntchito imeneyi ana amaikonda kwambiri, ndipo ena amakayamba kuyang'ana madeti pa zinthu za m'golosale popanda woŵatuma.

Chiganizo chakuti "Store in a cool, dry place" kapena "Do not store above 30°C" chimatsegula khomo la mafunso ofuna kuganiza. Mawu ake ndi osavuta, koma funsani: m'nyumba ya malata ku Golomoti m'mwezi wa Okutobala, malo ozizira ndi ati? Pa zenera? Pamwamba pa khoma pafupi ndi denga? M'thumba la malaya? Yankho silikupezeka pa pepala, mwana ayenera kulumikiza zimene waŵerenga ndi nyumba ya kwawo. Kenaka onjezerani chiganizo china, "Keep out of reach of children", ndipo muone ngati malo amene anasankha aja akukwanirabe. Amene anati pansi pa bedi ayenera kuganizanso.

Za madzi akumwa sitingazilumphe. Mliri wa kolera umene unayamba m'chaka cha 2022 nkupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anavutika kwambiri. Malangizo a pa botolo la mankhwala otetezera madzi monga WaterGuard ndi afupi: muyezo wa mankhwala, kuchuluka kwa madzi, ndi mphindi 30 zodikira musanamwe. Dulani malangizowo chiganizo chimodzichimodzi, musokoneze, ndipo ana aŵabwezere m'ndondomeko yake, akumafotokoza chifukwa chimene "wait" sangabwere patsogolo pa "add". Pamenepo mwaphunzitsanso "first", "then" ndi "finally" popanda kulemba mndandanda woloŵeza.

Kodi Chicheŵa chili ndi malo m'phunziro la Chingerezi?

Ena mwa inu mudzamva kuti m'phunziro la Chingerezi simuyenera kumveka liwu la Chicheŵa. Pa kuŵerenga, pa kufunsa ndi pa kulamula ntchito, ndikuvomereza kuti tigwiritse Chingerezi. Koma pa sitepe yomaliza maganizo anga ndi osiyana. Pakhomo, mwanayo sadzabwereza chiganizo cha Chingerezi kwa agogo ake. Adzaŵafotokozera m'chinenero chawo. Motero ndi bwino kuti aŵiriaŵiri achite seŵero lalifupi, wina akhale kholo losadziŵa Chingerezi, wina akhale woŵerenga. Kholo lifunse monga makolo amafunsira: "Ndimwe angati? Ndisanadye kapena nditadya? Ndikapeza bwino ndisiye?" Mwana amene angathe kunena m'Chicheŵa cholongosoka zimene zalembedwa m'Chingerezi wamvadi, pakuti apa palibe chokopera. Mapaketi ena amakhala ndi malangizo m'zinenero zonse ziŵiri, kapena zithunzi za dzuŵa ndi mwezi zoonetsa nthaŵi. Phimbani mbali imeneyo poyamba, ndipo muivundukule pamapeto kuti ana adzichonge okha.

Phunzitsaninso yankho lakuti "sizinalembedwe". Pa mafunso asanu, limodzi likhale loti pepalalo silikuyankha, mwachitsanzo ngati mayi woyembekezera angamwe mankhwalawo pamene malangizo amene mwalemba sananenepo kanthu. Ana athu anazoloŵera kuti funso lililonse lili ndi yankho m'nkhani, kotero amapeka. Pa mayeso kupeka kumangotayitsa malikisi, koma pakhomo kungavulaze munthu. Mwana aphunzire kunena mopanda manyazi kuti, "The label does not say. Ask the nurse." Ameneyu mumupatse malikisi onse.

Zoyenera kusamala posonkhanitsa zipangizo

Musauze ana kuti abweretse mapaketi a mankhwala amene ali kwawo. Poyamba, ena adzabweretsa ndi mapiritsi omwe. Chachiŵiri, ndipo ichi nchachikulu, paketi kapena kathumba ka kuchipatala kangaulule matenda a munthu wa m'banjamo pamaso pa kalasi lonse, ndipo m'mudzi nkhani yotere sichedwa kufalikira. Sonkhanitsani nokha timakatoni topanda kanthu, topanda dzina la munthu, mothandizidwa ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kapena eni magolosale. Alangiziwo muŵaonetsenso zimene mwakopera pa tchati musanaphunzitse, chifukwa malangizo a mankhwala amasintha, monga taonera pa malungo, ndipo mphunzitsi si dokotala. Muziŵakumbutsa ana kuti muyezo wa mankhwala amaunena ndi a kuchipatala. Ife tikuphunzira kuŵerenga zimene iwo alemba.

Mabotolo ndi zitini za mankhwala a m'munda, opopera thonje kapena othira m'chimanga, zisaloŵe m'kalasi ngakhale zitatsukidwa. Koperani mawu ake pa tchati, mujambulenso mzere wa utoto umene umakhala m'munsi mwa pepala lomata pa botolo: wofiira umasonyeza chiphe choopsa kwambiri, kenaka wachikasu, wobiriŵira ngati mtambo, ndi wobiriŵira ngati msipu. Mawu monga "poison", "harmful", "wash hands after use" ndi "do not reuse this container" ndi oyenera kuti mwana aliyense wa m'banja la alimi aŵazindikire pongoona, makamaka omalizawo, chifukwa chigubu chooneka bwino chimakopa munthu kuti asungiremo madzi kapena mafuta ophikira.

Mwina mukudandaula za kukula kwa makalasi. Kuchokera m'chaka cha 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, kalasi la ana ochuluka lakhala chinthu chozoloŵereka, ndipo simudzakhala ndi paketi ya mwana aliyense. Sizikufunika. Tchati chimodzi cholembedwa ndi zilembo zazikulu, mosasintha mawu a pa paketi, chimakwanira kalasi lonse, ndipo paketi yeniyeniyo iziyenda m'magulu kuti ana aone kuti zimene zili pa tchati ndi zomwezo. Pochita zimene malangizo anena, gulu limodzi libwere kutsogolo, ena onse akhale oŵaunika, atagwira timapepala tiŵiri tolembedwa "correct" ndi "wrong" toti akweze pa sitepe iliyonse. Amene wakweza "wrong" aŵerenge mawu amene aphwanyidwa. Musafeŵetse Chingerezi cha pa paketi polemba tchati, pakuti mwanayo akadzachipeza pakhomo sichidzakhala chofeŵetsedwa. Ngati ndi chachitali, tengani ziganizo zitatu kapena zinayi zokha, zina mudzaphunzitse sabata yotsatira.

Amene mudzaphunzitse Sitandade 8 mudzafunsidwa ndi aphunzitsi aakulu ngati zimenezi zikuthandiza pa mayeso a MANEB. Aonetseni makope a ana. Pa phunziro lililonse lotere, atatha kuchita ndi manja, ana alembe mayankho a mafunso atatu kapena anayi m'ziganizo zathunthu, limodzi lofuna kupeza mfundo, limodzi lofuna chifukwa, limodzi lofuna tanthauzo la mawu monga agwiritsidwira ntchito m'chiganizo. Pochonga, musamangolemba mtanda pa yankho lolakwa. Lembani mzere kunsi kwa kamawu kamene mwanayo walumpha, ndipo kumapeto kwa teremu muŵerenge kuti ndi timawu titi timene tabwerezedwa kwambiri m'makope a kalasi lanu. Timeneto ndito muyambire pokonza maphunziro a teremu yotsatira.