Waya wa mphenzi si wa malonda, abale

Mvula ikayamba mu Novembala, ku Phalombe tulo timasowa mabingu akamagunda pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi. Anthu sadaiwale Napolo wa mu Malichi 1991, koma pali mdani wina wobwera chaka ndi chaka: mphenzi.

Pampata wa mapiri awiriwa mpomwe atsamunda adamanga Fort Lister mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo. Lero pangotsala mabwinja. Nyumba zakale zimene zidakali chilili nza m'maesiteti a tiyi ku Mulanje ndi Thyolo, monga Huntingdon House ku Satemwa, yomwe Maclean Kay adamanga mu 1928. Nyumba zotere, zapamtunda ndiponso za machumuni aatali, mphenzi imazikonda zedi.

Chitetezo chake adachitulukira Benjamin Franklin wa ku America m'zaka za m'ma 1750. Padenga amaikapo ndodo yachitsulo, kenaka waya wonenepa wa kopa wotsika ndi khoma mpaka pandodo ina yokhomedwa m'dothi. Mphenzi ikaomba, mphamvu yake imatsata wayayo nkukathera pansi.

Kuika sikuvuta, nkhani ili pa kusamala. Dzimbiri limadya molumikizira, mphepo imamasula mabawuti, ndipo dothi likauma gwa silimwa bwino mphamvuyo. Nchifukwa chake amisiri amayenera kupima ndi makina kamodzi pachaka, ndipo muyezo wake usapitirire 10 ohms. Waya ukaduka pakati, mphenzi imadumphira pakhoma kapena pamawaya a magetsi, basi moto buu!

Apa mpomwe nkhaniyi ikukukhudzani inu amalonda. Kopa ndi ndalama, ndiye akuba samusiya. Mnyamata akabwera pabenchi panu ndi lamba wa kopa wophwatalala, ati wangotola, mufunseni bwino. Mwina wakanganula pasukulu, patchalitchi kapena pachipatala pomwe m'bale wanu wagonekedwa. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu.

Nanunso dzisamaleni, kaya muli pa Migowi, pa Chiringa kapena mu Limbe. Mukamva bingu musathawire pansi pa mtengo wa mango kapena m'kashedi kopanda makoma. Lowani m'nyumba yeniyeni, ndipo dikirani mphindi 30 bingu lomaliza litagunda. Tomato akhoza kudikira.

Ngozi ikagwa, tisathamangire kuloza chala agogo kuti atumiza mphenzi. Tiyambe taona ngati waya udakalipo.