Amamutcha "mlimi mnzanga", koma kumsika wa fodya amapita yekha

CHIFUNDE — Msika wa fodya ukatsekedwa, mkangano umodzi umabwerabwera m'midzi yolima mbewuyi, kuyambira ku Mualadzi ndi ku Nsadzo mpaka kuchipata cha Cassacatiza. Munthu wagwira ntchito m'munda wa wina kuyambira pa nazale mu Seputembala mpaka podinda mabelo. Wawokera, wapalira, wathyola, wasoka, wapachika m'chigafa ndiponso wasankha magiredi. Koma tsiku lolandira likafika amauzidwa kuti mitengo inali yoipa, kampani yadula ngongole ya feteleza, ndipo popeza iye sanali wantchito koma "mlimi mnzathu", nayenso asenze nawo kuluzako.

Ena amabwerera kwawo ndi njinga yakale kapena thumba la chimanga. Ena amauzidwa kuti phoso lomwe anadya laposa malipiro awo, choncho alime chaka china kuti abweze ngongole. Funso lomwe likuvutitsa anthu ndi lakuti: kodi dzina lomwe bwana wapatsa munthu lingamulande ufulu wake?

Anthu atatu, maina osokonezeka

M'munda wa fodya muno m'boma la Chifunde mumapezeka anthu amitundu itatu, ndipo chisokonezo chimayamba akawaphatikiza.

Woyamba ndi mlimi amene analembetsa ku kampani yogula fodya, monga Mozambique Leaf Tobacco yomwe fakitale yake ili mumzinda wa Tete. Munda ndi wake, amatenga mbewu ndi feteleza pangongole, ndipo amagulitsa m'dzina lake. Akapindula phindu ndi lake, akaluza ndi zake zomwe. Ameneyu ndiye mlimi woima payekha.

Wachiwiri ndi waganyu. Amabwera ndi khasu lake, amagwirizana mtengo wa mizere, akamaliza amalandira nkumapita, ndipo mawa akhoza kukagwira kwa wina.

Wachitatu ndi wa sizoni, amene kutsidya ku Malawi amamutcha tenanti. Amakhala pamunda pomwepo, nthawi zambiri ndi mkazi ndi ana, ndipo ambiri amachokera kutali. Munda si wake, chigafa si chake, ndipo dzina lake sililembedwa pa belo. Ameneyu ndi amene amapatsidwa maina okoma monga "mnzanga wa phindu" kapena "wa kontrakiti", pamene ntchito yake ndi ya wolembedwa ntchito.

Lamulo limayang'ana ntchito, osati dzina

Lamulo la ntchito lomwe likugwira m'dziko lino ndi la nambala 13/2023, la pa 25 Ogasiti 2023. Linayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2024, kulowa m'malo mwa lamulo la nambala 23/2007. Malinga ndi lamuloli, wantchito ndi munthu amene amagwirira wina ntchito molamulidwa ndi kutsogoleredwa ndi winayo, kuti alandire malipiro.

Lamulo limapitirira apo. Ngati munthu akugwira ntchito yolipidwa, mwini wake akudziwa ndipo sakuletsa, kapena ngati chakudya ndi moyo wa munthuyo zadalira pa bwana mmodziyo, lamulo limayamba ndi kumutenga ngati wantchito. Amene akutsutsa ndiye abweretse umboni. Kusowa kwa pepala losainirana sikufafaniza ufulu wa wantchito ayi, chifukwa udindo wolemba pepalalo ndi wa bwana.

Choncho ofuna kudziwa mbali yomwe ali adzifunse mafunso awa. Kodi munda, chigafa ndi zipangizo ndi za yani? Ndani amanena nthawi yodzuka ndi ntchito ya tsikulo? Kodi munthuyo angathe kusiya osapempha nkukagwira ganyu kwina? Ndani amapita ndi mabelo kumsika ndi kulandira ndalama? Ngati yankho la mafunso onsewa likuloza kwa mwini munda, ndiye kuti pali bwana ndi wantchito, ngakhale awiriwo atamadyera mbale imodzi.

Zomwe munthu amataya dzina likasinthidwa

Nkhani imeneyi si ya maina chabe, ndi ya ndalama. Mu Epulo 2024 boma linaika malipiro otsikitsitsa a ntchito zaulimi pa mametikali 6,338 pamwezi, ndipo malipirowa amaunikidwanso chaka ndi chaka. Pa mtengo wa chaka chimenecho, munthu wogwira miyezi 8 anayenera kulandira mametikali osachepera 50,704, kaya fodya wagulidwa bwino kapena ayi. Kuluza kwa pamsika ndi kwa mwini fodya, osati kwa wantchito.

Lamulo limanenanso kuti malipiro aziperekedwa pa sabata, pa masabata awiri kapena pamwezi, osati kudikira msika. Gawo lolipiridwa ndi katundu, monga ufa kapena nyemba, lisapitirire 25 pa 100 ya malipiro onse. Maola a ntchito ndi 8 patsiku ndi 48 pasabata. Mayi wobereka ali ndi masiku 90 opuma.

Palinso za ukalamba ndi ngozi. Wantchito amayenera kulembetsedwa ku INSS, kumene bwana amapereka 4 pa 100 ndipo wantchito 3 pa 100 ya malipiro. Munthu akatchedwa woima payekha, 7 yonseyo imamugwera yekha. Akavulala pantchito, udindo womuthandiza ndi wa bwana. Izi ndi zofunika m'fodya, chifukwa wothyola masamba onyowa opanda zodzitetezera amalowedwa chikonga pakhungu, nkuyamba chizungulire, kusanza ndi mutu.

Ovutika kwambiri ndi amayi ndi ana. Bwana amapangana ndi bambo yekha, koma popeza ntchito ndi yambiri, banja lonse limalowa m'munda popanda malipiro, ndipo ana amajomba kusukulu nthawi yothyola ndi kusoka.

Zomwe zachitika kutsidya

Dziko la Malawi lakhala ndi matenanti m'maesiteti a fodya kwa zaka zambiri, ndipo eni maesiteti ankanena kuti anthuwa ndi alimi ogulitsa fodya wawo kwa bwana, osati antchito. Mu Novembala 2019 dziko la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi aziimitsidwa pamadoko ake kaamba ka nkhani za ntchito yokakamiza ndi ya ana, ndipo makampani ena anamasulidwa pambuyo poonetsa umboni wa momwe amagulira fodya wawo. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inasintha lamulo la ntchito nkuletsa utenanti.

Mu Disembala 2020 matenanti a ku Malawi ndi ana awo, oposa 7,000, anasumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial kukhoti lalikulu ku London. Makampaniwo anakana milanduyo napempha kuti ithetsedwe, koma mu Juni 2021 woweruza anakana pempholo.

Vutoli silili m'minda mokha. Pa 19 Febuluwale 2021 khoti lalikulu kwambiri ku Britain linagamula kuti oyendetsa galimoto za kampani ya Uber, omwe mapepala ankawatcha odzilemba okha ntchito, ayenera kulandira malipiro otsikitsitsa ndi tchuthi, poti kampaniyo ndiyo inkaika mitengo ndi malamulo. Nalo bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linalangiza maiko mu 2006 kuti poweruza nkhani zotere aziyang'ana zomwe zikuchitikadi, osati dzina lolembedwa papepala.

Naye mwini munda ali ndi zake

Eni minda ambiri ku Chifunde si anthu olemera. Ndi alimi a mahekitala ochepa amene ndalama amaziona kamodzi pachaka, ngongole itadulidwa kale. Nchifukwa chake ambiri amalonjeza kulipira fodya akagulitsidwa. Koma umphawi wa bwana suchotsa ngongole yake kwa wantchito. Mlimi wanzeru awerengere malipiro asanafese nazale, alembe anthu okhawo amene angathe kuwalipira, ndipo ngati mphamvu zake ndi zochepa, aitane aganyu pa nthawi yothina ntchito.

Kodandaula kulipo

Wa sizoni asanagwire khasu apemphe kuti pangano lilembedwe: tsiku loyamba, malipiro a pamwezi, mtengo wa phoso ndi tsiku lolandira. Pakhale mboni, makamaka amfumu kapena mlembi wa mudzi, ndipo aliyense asunge pepala lake. Akhalenso ndi kope lolembamo masiku omwe wagwira ndi chilichonse chomwe watenga, ngakhale sopo kapena mchere, chifukwa ngongole zambiri zimakula m'buku lomwe bwana amasunga yekha.

Zikavuta kwa amfumu, nkhani ipite kwa oyendera malo a ntchito a Inspecção Geral do Trabalho, kapena ku CEMAL mumzinda wa Tete, kumene amayanjanitsa mabwana ndi antchito asanafike kukhoti. Wopanda ndalama za loya apite ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu. Asachedwe, chifukwa lamulo limaika malire a nthawi yodandaula ntchito ikatha. Ndipo amene apusitsidwa ndi bwana mmodzi apite pamodzi, poti mutu umodzi susenza denga.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Lonjezo la pakamwa lodikira msika ndi fodya wa pachala. Nazale zisanafesedwe, imeneyo ndiyo nthawi yoti bwana ndi wantchito akhale pansi pamaso pa mboni, atchulane maina awo enieni.